Chingwe Choyezera Uvuni

Kwathu, amene amasankha kokatsetsereka pa chipale chofewa cha m'mapiri si munthu ayi, ndi thireyi. Mabanja ena muno mu Beirut, Januwale akafika, amayamba kufunsana kuti chipale chagwa chambiri kuti, msewu wabwino ndi uti, mzere wodikirira mipando yoyenda pa waya ndi waufupi kuti. Ife funso lathu ndi limodzi basi: kodi thireyi ya Amayi ilowa mu uvuni?

Thireyiyo ndi ya mkuwa, yozungulira, yaikulu ngati tayala la njinga. Amayi anachoka nayo kwawo ku Zahle tsiku la ukwati, zaka 44 zapitazo, ndipo amaotcheramo kibe, nyama ya nkhosa yosinja pamodzi ndi tirigu wosweka. Chakudya cha m'malesitilanti sadya. Amati simudziwa kuti wophikayo wagwira chiyani. Ndiye tchuthi chathu cha m'nyengo yozizira chimakhala chobwereka nyumba yokhala ndi khitchini n'kumadziphikira tokha, kutanthauza kuti amaphika ndi Amayi, ife n'kumadya.

Pali chingwe chofiira chimene anachidula molingana ndi kukula kwa thireyiyo, n'kumanga mfundo uku ndi uku. Chaka chilichonse munthu mmodzi amayenda nacho m'mapiri, kulowa m'nyumba za eni ake, kudutsa pabalaza osayang'ana n'komwe, kukagwada patsogolo pa uvuni n'kutambasula chingwecho. Munthu ameneyo ndine, Hiyam. Achimwene anga a Sarkis ali ndi banja ndi ntchito ya mu ofesi, pamene ine ndili ndi galimoto ndi sitolo yogulitsa mankhwala basi, ndiye kwa Amayi ndine munthu wopanda chochita.

Chaka chimene ndikunenachi zinthu zinayambira kwa dokotala wa mafupa. Ndinawaperekeza Ababa mu Disembala, bondo lawo lakumanja litafika pomalira ngati chitseko chakale. Dokotala anayang'ana chithunzi cha fupalo n'kunena kuti mu Malichi awaika bondo lachitsulo, ndipo kuyambira pamenepo, pa zaka 76, matabwa otsetserekera akolekedwe kukhoma.

"Nanga Malichi asanafike?" anafunsa Ababa.

Dokotala anakanda m'mutu. "A Semaan, kamodzi. Kamodzi kokha, pang'onopang'ono, osathamanga. Ndipo ine sindinanene kanthu."

Tinali m'galimoto, titatsala pang'ono kufika kunyumba. Ababa, akuyang'ana pawindo, anati, "Ndikufuna ku Arz."

Ababa kwawo ndi ku Bsharri, m'munsi mwa mikungudza ya ku Arz. Anaphunzira kutsetsereka ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, pa matabwa amene bambo awo anapala kuchokera ku mgolo wakale. Atakwatira anasamukira ku Beirut, nyumba ya makolo inagulitsidwa, ndipo kuyambira pamenepo ankatsetsereka kumene thireyi yalowa. Ku Arz inali isanalowepo.

"Ndiye kawauzeni Amayi," ndinatero.

"Iwe! Amayi ako akamva za bondoli andimangirira pampando ndi nsalu ya patebulo. Usatulutse liwu. Wamva?"

"Nanga ndiwauza kuti chiyani?"

"Unaphunzira sukulu zaka zonse zija kuti uzindifunsa ine?"

Ndinagwira njakata. Ababa si munthu wopempha. M'moyo wanga wonse chimene anandipemphapo ndi mchere patebulo, ndipo tsopano ankandipempha phiri lathunthu.

Msonkhano unachitika Lamlungu pa nkhomaliro, monga mwa chaka chilichonse. Nyumba ya ku Laqlouq imene tinkabwereka kwa zaka zisanu ndi chimodzi inali itatigwiritsa mwala: mwini wake anakonzetsa khitchini n'kuikamo kauvuni kamagetsi kokongola, kosalowa ngakhale nkhuku yonenepa. Amayi anailandira nkhaniyo ngati uthenga wa maliro.

"Faraya," anatero a Sarkis, m'kamwa muli chakudya. "Ola limodzi kuchoka pano. Akandifuna ku ofesi nditsika, madzulo ndabwerera."

"Faraya basi," anavomereza akazi awo, alamu anga a Maguy. "Ndagula kale zovala."

A Maguy sanavalepo matabwa kumapazi chibadwire. Amapita kumapiri kukakhala pakhonde la lesitilanti atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, magalasi akuda kumaso, kuti anthu amene anawaona dzulo ku Beirut awaonenso lero. Ndimawakonda, koma zoona n'zoona.

"Bwanji ku Arz?" ndinatero, maso ali m'mbale.



"Ku Arz?" anatero a Sarkis. "Msewu wokhotakhota uja? Tikafika mutu uli zunguliruzunguliru. Wadwala iwe?"

"Chipale cha kumeneko n'chabwino, achimwene. Chimakhalitsa."

"Kuyambira liti iwe ukudziwa za chipale? Chaka chatha unatsika phiri lonse ndi matako."

"Koma ndinafika pansi musanafike inu."

"Kumeneko n'kwa amonke ndi mbuzi," anadandaula a Maguy. "Ndani akandiona?"

"Mbuzizo, alamu."

Amayi anatembenukira kwa Ababa. "Nanga inu, bambo ake Sarkis? Si kwanu kumeneko? Mwangoti duu."

"Ine kulikonse, amake Sarkis," anatero Ababa, akusenda lalanje mosamala ngati ntchito ya boma. "Kumene mwafuna."

Ndinkafuna kuwaponda phazi pansi pa tebulo, koma ndinakumbukira kuti ndi mwendo wa bondo lija. Amayi anadzuka, anatsegula kabati, n'kubwera ndi chingwe.

"Mukungotaya malovu nonse. Thireyi iyankha. Ndipo iwe Hiyam, ukafunsenso za jenereta. Sindikufuna zija zoti ukayatsa ketulo, nyumba yonse mdima."

Loweruka ndinanyamuka m'mawa ndi mayina a nyumba zitatu.

Ku Faraya anandilandira bambo wina wa ndevu zopaka mafuta. Anandionetsa bafa lotulutsa thovu, kanema wamkulu ngati chitseko, ndi khonde loyang'ana koimika magalimoto. Nditafunsa za uvuni anandiyang'ana ngati ndafunsa za khola la nkhuku.

"Mayi, alendo athu amaitanitsa chakudya pa foni."

Uvuni unalipo ndithu, koma m'kati mwake munali kabuku ka malangizo ake, kakadali m'pepala la pulasitiki. Chingwe chinapitirira ndi chikhatho chathunthu. Ndinajambula chithunzi ndi mtima woyera, ndikuganizira nkhope ya a Maguy.

Nyumba yachiwiri inali m'mudzi wina wam'munsi, chakufupi ndi ku Zaarour. Kumeneko ndiye kunali uvuni! Wa gasi, wakale, wakuda, woti n'kulowamo nkhosa ndi mwini wake yemwe. Chingwe chinalowa, malo n'kutsala. Ndinasuzumira pawindo: phiri linali la dothi lokhalokha, chipale chili apa ndi apo ngati ufa wotayika. Mwini nyumba anati chigwa sabata yamawa, Mulungu akalola. Ndinadziwa kuti Amayi akaona uvuni umenewu nkhani yatha, ndipo Ababa akamaliza tchuthi chawo chomaliza akusenda malalanje. Sindinajambule chithunzi.

Ku Arz ndinafika dzuwa litapendeka. M'mbali mwa msewu chipale chinkafika m'chiuno. Nyumba inali ya a Wardeh, mayi wamasiye wamfupi wovala majuzi atatu. Munali zipinda zitatu zing'onozing'ono, mbaula ya dizilo pakati pa balaza, ndi windo loti ukaimapo phiri lonse lotsetserekapo lili pamaso pako. Ndinagwada pa uvuni mtima uli m'mwamba. Chingwe chinapitirira ndi zala zitatu.

Ndinayesa chopingasa. Ndinayesa kuchotsa tizitsulo ta m'mbali. Ndinatseka chitseko cha uvuni n'kutsegulanso, ngati kuti ukula. Zala zitatu zinali pomwepo. Ndiye ndinamasula mfundo imodzi ya Amayi ndi mano, n'kumanga ina zala zitatu m'kati, chotsalacho n'kudula ndi kasizasi ka zikhadabo. Kenako ndinatambasula chingwe pakamwa pa uvuni n'kujambula.

A Wardeh anaona zonse, manja ali m'chiuno.

"Mwana wanga, chingwe ungachinamize, koma mkuwa sumva bodza."

"Ndidzaona ndikadzafika."

"Bwanji osangopita nayo kwa a Hanna? Ophika buledi, patsidya pa msewupa. Tonse kuno mathireyi akuluakulu timakaotchetsa kumeneko."

"Amayi anga kupereka kibe yawo m'manja mwa munthu wina? Simukuwadziwa."

"Ndiwadziwa posachedwa," anatero, n'kundipatsa khofi.

Mawa lake ndinapereka lipoti patebulo. Faraya, uvuni wachepa. Nyumba ya ku Zaarour, mwini wake sanapezeke. Arz, nachi chithunzi. Amayi anavala magalasi n'kuchikulitsa ndi zala.

"Ndi wa gasi?"

"Wa gasi."

"Moto wa pamwamba ulipo?"

"Ulipo, Amayi."

Anapuma mozama. "Chabwino. Thireyi yanena."

A Maguy anatsala pang'ono kulira. Ababa sanadzutse mutu, koma ndinaona kuti lalanje lawo analisenda mpaka kuliboola.

Masabata awiri otsatira chakudya sichinkandikomera. Ndinafika pokaona amisiri osula mkuwa, kuti mwina ndigule thireyi yofanana nayo koma yocheperako n'kusinthanitsa mwakachetechete. Nditawauza Ababa nzeru imeneyi anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi ako angadziwe ndi kulemera kwake kokha, maso ali chitsinzinire. Zisiye. Bola tikafike."

"Inu n'zosavuta kunena. Wokagwidwa ndine."

"Ndiwe wachinyamata, upirira."

Tinanyamuka Lachisanu loyamba la Febuluwale, magalimoto awiri. Yanga inanyamula Amayi, Ababa ndi thireyi, imene inakhala pampando wakumbuyo itafunda bulangeti, lamba atamangidwa. Ya a Sarkis inanyamula zina zonse: mabotolo a maolivi, mabilinganya a m'mafuta, thumba la tirigu, nyama m'bokosi la ayezi, mipeni ya Amayi, mtondo wawo waung'ono, ndi a Maguy pakona. Kumtunda kwa Bsharri asilikali anatiimitsa kuti popanda maunyolo kumatayala sitidutsa, ndipo a Sarkis anatha theka la ola atagwada m'chipale akutukwana unyolo, Ababa akuwalangiza pawindo. Kenako tinayamba kuona mikungudza. Ababa anatsitsa galasi, mphepo yozizira n'kulowa, ndipo Amayi, amene amatseka mawindo ngakhale mu Ogasiti, anangowayang'ana osawaletsa.

A Wardeh anatilandira pakhomo. Anayang'ana thireyi ikulowa m'nyumba, anandiyang'ana ine, n'kuwauza Amayi kuti a Hanna ophika buledi amatsegula m'mamawa.

"Buledi tabwera naye," anatero Amayi.

"Ndangonena," anatero a Wardeh.

M'mawa mwake kunacha bwino, kumwamba kopanda kamtambo. Ababa anali atakonza zoti akwere cha m'ma 11 koloko, chipale chitafewa pang'ono, ndipo anakhala pafupi ndi mbaula akupukuta matabwa awo. Amayi anali atadzuka kalekale. Anakanda nyama ndi tirigu, anayala m'thireyi, anaika anyezi wokazinga ndi njere za paini, anayalanso pamwamba, n'kudula mizere yawo ija yopingasa imene imapanga nyenyezi pakati. Anathira mafuta. 

Anatsegula uvuni n'kunyamula thireyi ndi manja awiri.

Ngwee!

Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyesanso. Ngwee! Anaipendeketsa, mafuta n'kuyamba kuyenderera m'mbali. Anaiika patebulo pang'onopang'ono n'kupukuta manja pa epuloni.

"Hiyam. Chingwe."

"Kaya ndachisiya ku Beirut, Amayi."

"Chili m'thumba la jekete yako, ndachiona dzulo. Bwera nacho."

Anachitambasula pa thireyi. Zala zitatu za mkuwa zinatsala poyera. Kenako anagwira mfundo imodzi, n'kugwira inayo, n'kuiyandikitsa kumaso.

"Mfundo iyi ndi yanga. Iyi ndi ya munthu amene sanamangepo ngakhale thumba la zinyalala bwinobwino."

"Mwina chafota ndi kuzizira," anatero a Sarkis, amene sankadziwa chilichonse koma kukhala chete sakutha.

"Iwe tseka pakamwa. Hiyam, ndinakubala ine. Zaka 41, n'kumandinamiza ndi chingwe changa chomwe? Chifukwa chiyani? Uli ndi mwamuna kuno?"

"Ha!" anatero a Maguy, maso atawala. "Ndimadziwa ine!"

Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa dzanja lili m'poto. Kuwaulula Ababa sindikanatha, koma ndinawayang'ana ndi diso loti, phiri lanu ndi ili, mlandu wanunso ndi uwu. Anaika thabwa pansi.

"Musiyeni mwana, amake Sarkis. Ndinamutuma ndine."

Ananena zonse, za dokotala, za Malichi, za bondo lachitsulo, za kamodzi kokha. Ananena akuyang'ana mbaula. Amayi sanakuwe, ndipo zimenezo ndiye zinandiopsa kwambiri.

"Ine ndikudziwa kukula kwa uvuni uliwonse m'mapiri a dziko lino," anatero motsitsa mawu, "koma za bondo la mwamuna wanga amadziwa ndi mwana."

"Mukanandimangirira pampando."

"Eee, ndikanakumangirirani! Ndi chingwe chomwechi, chikanakhala chathunthu!"

"Ndiye mwaonatu."

"Nanga mukakagwa kumeneko? Mukakathyoka?"

"Ndikagwera kwathu, Afifeh."

Ndinali ndisanamvepo Ababa akutchula dzina la Amayi pamaso pathu. Amayi anatembenuka n'kuyang'ana thireyi. Kenako anavala chikhothi chawo n'kuphimba thireyiyo ndi nsalu yoyera.

"Nyama siidikira mikangano. Hiyam, wophika buledi amene ananena mayi wa majuzi uja ali kuti? Tsegula chitseko. Inu, pitani kumene mukupitako. Sarkis, ukhale kumbuyo kwa bambo ako ngati mchira."

Kwa a Hanna kunali kotentha, fungo la buledi lili ponseponse. A Hanna ndi nkhalamba ya mikono yolimba, nsidze zitapsa kalekale. Anatambasula manja kuti alandire thireyi, koma Amayi anaipititsa kumbali.

"Ndiika ndekha. Osati m'kati kwambiri, osati pafupi ndi moto. Mumaotcheramonso chiyani muno? Nsomba?"

"Buledi, mayi, kuyambira ndili ndi tsitsi."

Anailowetsa okha ndi thabwa lalitali la a Hanna, n'kukoka mpando, kukhala moyang'anizana ndi pakamwa pa uvuni ngati mlonda wa pageti.

"Ndinu alendo a a Wardeh?" anafunsa a Hanna akukanda ufa. "Ochokera ku Beirut?"

"Amuna anga ndi a kuno," anatero Amayi, maso ali pa thireyi. "A Semaan, mwana wa a Khalil opala matabwa."

A Hanna anasiya kukanda. "Semaan? Semaan wa chipewa chofiira? Ali kuno? Iii, mayi, munthu ameneyo anatipweteketsa! Tonse a m'mudzi muno tinkafuna kukhota ngati iye. Ine dzino ili ndinalisiya paphiri lija ndikumutsanzira. Ankatsika kuchokera pamwamba penipeni manja ali kumbuyo ngati wansembe akuyendera munda, chipale chikungofuka. Koma ndikukuuzani chiyani ine, inu mwakhala mukumuona zaka zonsezi."

Amayi anasunthira mpando wawo pafupi ndi uvuni.

"Si choncho?"

"Ndimakhala ndikuphika," anatero Amayi.

Ndinayamba kukumbukira matchuthi athu onse, kuyambira ndili wamng'ono, ndipo paliponse Amayi anali pakhomo la khitchini, epuloni m'chiuno, akutiuza kuti tivule nsapato zonyowa. Zinandipweteka mumtima. Tonsefe tinkabwera ndi njala n'kudya, osawafunsa ngakhale kamodzi ngati akufuna kukaona.

Foni yanga inalira. Anali a Sarkis, kunena kuti Ababa akwera pampando wa pa waya, ndipo pakangotha mphindi khumi ndi zisanu ayamba kutsika. Ndinawauza Amayi. Anayang'ana uvuni, momwe kibe inali itangoyamba kuwira m'mbali. Anayang'ana chitseko. Anayang'ananso uvuni. Kenako anaimirira n'kuloza a Hanna ndi chala.

"Musaigwire. Mwamva? Musaitembenuze, musaisunthe, musaitulutse mpaka ndibwere ine. Mukaigwira mudzandidziwa."

"Ndamva, mayi," anatero a Hanna, dzanja lili pamtima.

Kuchoka pamenepo kukafika m'munsi mwa phiri si patali, koma Amayi anali ndi nsapato za kutchalitchi. Ine ndinawagwira mkono uku, ndipo a Maguy, amene tinawapeza akudzijambula okha, anawagwira mkono uko. Ndi zoyera zawo zija pa chipale sankaoneka n'komwe, moti munthu wa patali akanati Amayi akuyenda ndi mutu wopanda thupi. Dzuwa linkathobwa m'maso, ndiye a Maguy anavula magalasi awo akuda, aakulu ngati mbale za tiyi, n'kuwaveka Amayi.

"Ali kuti? Onsewa akufanana."

"Chipewa chofiira, Amayi. Uko, kumtunda kwa mtengo uli wokha uja."

Ababa anayamba pang'onopang'ono. Kukhota koyamba kunali kwa nkhalamba, kosamala, bondo akulinyengerera. Kwachiwiri chimodzimodzi. A Sarkis anali kumbuyo kwawo monga anauzidwa. Koma atafika pa mtengo uja Ababa anawongoka, anaika ndodo zonse ziwiri kumbuyo m'dzanja limodzi, n'kukhotera kumanzere, kenako kumanja, kenako kumanzere, mosalala ngati mpeni wa Amayi ukudula mizere pa kibe. Mchira uja unatsalira kutali. Amayi anandifinya mkono moti zipsera za zala zawo ndinakhala nazo sabata yathunthu.

Ababa anadzaima patsogolo pathu penipeni, chipale chikuwazikira pa nsapato za kutchalitchi zija. Ankapuma wefuwefu, nkhope ili psuu, akuseka ngati mwana wakuba shuga.

Amayi anavula magalasi a a Maguy.

"Bwererani," anatero. "Magalasi awa ndi akuda kwambiri, sindinaonetsetse."

"Nanga kibe, amake Sarkis?"

"Ndati bwererani."

Ababa anayang'ana phiri, n'kuyang'ana bondo lawo, limene linkanjenjemera lokha. Kumwetulira sikunachoke, koma anapukusa mutu.

"Lakana, Afifeh. Kuja kunali komaliza."

 Amayi anagwada m'chipale, ndi chikhothi chawo chabwino chija, n'kuyamba kulimbana ndi zomangira za nsapato za Ababa, zimene sankadziwa kamasulidwe kake. Palibe amene anayerekeza kuwathandiza. A Maguy ankalira poyera, utoto wa m'maso ukudonthera pa zoyera zija.

Kubwerera kunatitengera nthawi, chifukwa Ababa ankayenda atatsamira a Sarkis, ndipo nkhalamba zitatu zinatiimitsa panjira kuti zipereke moni kwa Semaan wa chipewa chofiira. Utsi tinauona tisanafike. A Hanna anali ataima pakhomo akupotokola epuloni yawo.

"Mayi, munati ndisaigwire."

"Ndinatero."

"Ndaiyang'ana ikupsa, mtima ukundiwawa. Kawiri konse ndanyamula thabwa n'kulibwezera. Koma munati..."

"Ndamva, bambo. Tulutsani."

Tinadya cha m'ma 3 koloko, thireyi ili pakati pa tebulo, yakuda bii ngati tayala lenileni tsopano. Tinkaboola nkhoko ya pamwamba ndi masipuni n'kumakumba za m'kati. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kudya chakudya cha Amayi chopserera.

"Yakoma," anatero Ababa.

"Bodza. Banja la abodza, kuyambira bambo mpaka mwana."

Nthawi ngati imeneyo Amayi amakhala ataimirira kale, akusonkhanitsa mbale ife tikutafunabe. Tsikulo sanadzuke. Anakankhira mbale yawo kumbali n'kutsamira patebulo.

"Pa mtengo paja, pamene munaika ndodo kumbuyo. Munakhota bwanji osagwa? Fotokozani bwinobwino, musathamange."

Ababa anatenga mipeni iwiri, anaigoneka moyandikana pa nkhoko yakuda ija, n'kuyamba kuwaonetsa.